Luso la Zamagetsi m'Dera la Fodya la Kasungu: Kuchokera pa Wailesi Kufika pa Timabolodi ta Arduino

Luso lophwasula, kukonza ndi kulumikiza zipangizo zamagetsi pamanja linayamba kuzika mizu m'midzi ya boma la Kasungu m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu wamba anayamba kugula wailesi zoyendera mabatire. Kuyambira nthawi imeneyo lakhala likusintha motsata zinthu zomwe zikufika m'manja mwa anthu: wailesi, dainamo ya njinga, batire la galimoto, foni yam'manja, sola, ndipo posachedwapa timabolodi tokhala ndi microcontroller, tomwe munthu amatilembera malangizo kuti tiziyeza, kuyatsa kapena kuzimitsa chinthu patokha. Kumaiko olemera ntchito yotereyi ambiri amaichita pongofuna kusangalala akaweruka kuntchito. Ku Chisemphere ndi madera oyandikana nako, mwini luso kawirikawiri amayamba chifukwa cha kusowa. Wailesi yafa ndipo wokonza ali kutali, parafini wadula, foni yazima pamene munthu akudikira uthenga wa kuokushoni. Mbiri ya lusoli m'derali ndi mbiri ya anthu ofuna kuthetsa vuto lapakhomo ndi zomwe atola.

Chisemphere ali kumpoto kwa boma la Kasungu, chakufupi ndi dera la Kaluluma ndi malire a boma la Mzimba, komwe Chichewa ndi Chitumbuka zimamveka pamsika umodzi. Dziko lake ndi lathyathyathya, la dothi lamchenga lomwe fodya ndi mtedza zimakonda, ndipo mvula imagwa nyengo imodzi yokha pachaka. Ndalama yaikulu imalowa pakhomo kamodzi, mabelo akagulitsidwa pakati pa Epulo ndi Ogasiti. M'miyezi imeneyi ndimo mabanja akhala akugula njinga, malata, wailesi, ndipo masiku ano foni ndi sola. Chipangizo chogulidwa ndi ndalama ya fodya chiyenera kukhala mpaka msika wina, mwinanso kupitirira, choncho chikawonongeka sachitaya. Apa ndi pomwe panachokera msika wa anthu okonza.

Nyengo ya wailesi

Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, yomwe inkatchedwa Central African Broadcasting Station, inkaulutsa mapologalamu a Chinyanja omwe ankamveka mpaka ku Nyasaland. Vuto linali lakuti anthu akuda ochepa okha ndiwo akanatha kugula wailesi. Mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, anakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, ndipo mu 1949 kunatuluka wailesi yotchipa ya Saucepan Special, yomwe chikhokho chake chinali chozungulira ngati sefuliya. Inkagulidwa pa mapaundi 5, batire padera. Wailesi zina zinkabwera ndi amuna obwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia, pamodzi ndi magalamafoni ndi magumbagumba. Malawi Broadcasting Corporation itakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kampani ya Nzeru itayamba kulumikiza wailesi zotsika mtengo mu Blantyre m'zaka zomwezo, wailesi inasanduka katundu woti mlimi wamba akhoza kumulakalaka ndi kumupeza. Popeza kanema sanafike m'dziko muno mpaka mu 1999, wailesi inakhala yokha m'nyumba zambiri kwa zaka zoposa 30.

Wailesi za nthawi imeneyo zinali sukulu yabwino kwa mwana wachidwi. Akamasula zomangira zinayi zakumbuyo, zonse zinkaoneka ndi maso: mathiransisita, waya wamkuwa wokulungidwa pakamtengo kakuda, sipika ndi maginito ake, tizigawo tamitundumitundu tokhala ndi miyendo iwiri kapena itatu. Kalikonse kankatheka kuzulidwa ndi kubwezeretsedwa. Wokonza wa kumudzi analibe chitsulo chowotcherera cha magetsi. Ankatenthetsa waya wonenepa kapena msomali pamakala n'kusungunula nawo mtovu wopalidwa pa wailesi ina yakufa. Analibenso choyezera, ndiye ankatsata vuto ndi khutu, kukhudza malo amodziamodzi mpaka sipika italira. Mabatire otha ankawatola, kuwaika padzuwa, kuwalumikiza ambirimbiri m'chubu cha pepala kapena m'nsungwi kuti mphamvu yotsalira ikwanire kumvera nkhani za madzulo. Zambiri mwa izi sizinalembedwe m'buku lililonse. Mnyamata ankaphunzira poima pambali pa wokonza pa tsiku la msika, kapena powononga wailesi ya bambo ake n'kukakamizika kuidzutsa asanabwere kumunda.

Zotsala za m'maesiteti

Gwero lachiwiri la lusoli linali ulimi wa fodya wa m'maesiteti. Bungwe la Colonial Development Corporation linayamba kulima fodya wa fuluu ku Kasungu m'zaka za m'ma 1950, ndipo ntchitoyo inadzapitirira pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, yomwe inkaphunzitsa alimi a ku Malawi kulima ndi kuwotcha fodya wa mtunduwu. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe kwawo kunali ku Kasungu konko, lamulo la mbewu zapadera linkaloleza fodya wa bale ndi wa fuluu kulimidwa m'maesiteti okha, ndipo maesiteti akuluakulu, kuphatikizapo a kampani ya Press, anafalikira m'zigwa za bomali. Anabweretsa mathirakitala, mapampu a madzi, majenereta, magalimoto onyamula nkhuni ndi mabelo, komanso amakaniko ndi anyamata awo owatumikira.

Kuyambira mu 1990 boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, ndipo m'zaka zotsatira maesiteti ambiri anafooka, ena n'kutsekeratu. Makina awo anatsala akuchita dzimbiri m'tchire. Kwa eni ake zinali zotayika, koma kwa akhanda zidebe, owotcherera zitsulo ndi anyamata okonda zamagetsi, malo amenewa anasanduka sitolo yaulere ya mabelingi, masipuling'i, mapaipi, waya wamkuwa ndi zikupizo za mainjini. Ndi chinthu chosayamikiridwa mokwanira kuti chipangizo chotchuka kwambiri chomwe chinapangidwapo m'mudzi wa ku Malawi chinatuluka pa mulu wa zitsulo za esiteti ya fodya yomwe inasiya kugwira ntchito.

Magetsi a mphepo a ku Masitala

William Kamkwamba anabadwa mu 1987 ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, m'boma lomweli la Kasungu, m'banja lolima chimanga ndi fodya. Asanafike ku sekondale anali atayamba kale kukonza wailesi za anthu pamodzi ndi msuweni wake, m'njira yomwe yafotokozedwa pamwambapa. Chomwe chinamuzunguza mutu chinali dainamo ya njinga: chifukwa chiyani nyali imayaka gudumu likamazungulira, ndipo kodi mphamvu yomweyo singaimbitse wailesi? Njala ya 2001 mpaka 2002, yomwe inakantha kwambiri Kasungu ndipo inachititsa Pulezidenti Bakili Muluzi kulengeza mu Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi, inalanda banjali ndalama zonse. William anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi ya pafupifupi madola 80 a ku America pachaka.

Pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe panali kalaibulale kakang'ono ka mabuku operekedwa ndi thandizo la dziko la America. M'menemo anapeza mabuku awiri, Explaining Physics ndi Using Energy. Chingerezi chake chinali chochepa, ndiye ankawerenga zithunzi ndi zojambula kenako n'kufufuza mawu ogwirizana nazo. Mu 2002, ali ndi zaka 14, anaimika nsanja ya mitengo ya bulugama yotalika pafupifupi mamita 5. Pamwamba pake anamangapo felemu ya njinga ya bambo ake, chikupizo cha thirakitala chotoledwa ku esiteti yakale ya pafupi ndi sukulu ya Kachokolo, ndi mapiko opangidwa ndi paipi ya pulasitiki yomwe anaing'amba, kuiwotcha pamoto ndi kuiphwatalalitsa. Mphepo ikazunguza mapiko, tcheni linkazunguza gudumu, gudumu n'kuzunguza dainamo. Anthu omwe ankamuona akutolatola zitsulo ankati wachita misala. Babu litayaka m'manja mwake anasonkhana kudzaonerera. Patapita nthawi anawonjezera batire la galimoto losungira mphamvu, nyumba n'kukhala ndi mababu anayi, ndipo anansi ankabwera kudzatchajitsa mafoni.

Pa mbiri ya luso la zamagetsi, gawo lofunika kwambiri la ntchito yake si mapiko aja ayi, koma zomwe anachita m'kati mwa nyumba. Masiwitchi anawapanga ndi sipoko za njinga ndi labala wodulidwa ku nkhwaila zakutha. Mawaya ake ambiri anali osakutidwa ndipo ankadutsa pansi pa denga la udzu, kotero kugundana kwa mawaya awiri kukanayatsa nyumba. Potengera chithunzi cha belu lamagetsi chomwe anaona m'buku, anakulunga waya wamkuwa pa misomali iwiri, pakati pake n'kuikapo maginito ochotsedwa mu sipika. Mphamvu ikamayenda bwino, maginito ankakhala pakati. Ikachuluka mwadzidzidzi, msomali umodzi unkakoka kwambiri, maginito n'kupendekeka, n'kudula njira ya magetsi. Kachipangizo kameneka kankazindikira kuti china chalakwika, n'kuchitapo kanthu popanda munthu. Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya microcontroller, ndipo mnyamata wa ku Masitala anaikwaniritsa ndi misomali.

Mbiri yake inamveka kunja kwa Wimbe mu 2006, pamene Dr Hartford Mchazime wa bungwe la Malawi Teacher Training Activity, lomwe linkayang'anira laibulale ija, anabwera ndi atolankhani ndipo nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhaniyo. Mu 2007 anayankhula pamsonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Anabwerera ku sukulu, anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kumaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014. Buku lomwe analemba ndi Bryan Mealer, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009, ndipo filimu ya Chiwetel Ejiofor yochokera m'bukuli, yojambulidwa ku Kasungu ndipo mbali yaikulu ili m'Chichewa, inatuluka mu 2019. Bungwe la Moving Windmills Project, lomwe linakhazikitsidwa mu 2008, lakhala likugwira ntchito za madzi, sola ndi masukulu m'dera la Wimbe.

Kamkwamba sanali yekha m'dziko. Mu 2009 Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, yemwe sanamalize sukulu ya pulaimale, anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo pa wailesi yake ya Pachikweza, yomwe anaipanga ndi zidutswa za wailesi zakale. Khoti linamulamula kulipira K50,000 kapena kukakhala kundende miyezi 10, ndipo anthu akufuna kwabwino anathandiza kulipira. Ku Mzimba, Colrerd Nkosi anayatsa nyumba za m'mudzi wa Yobe Nkosi ndi magetsi opangidwa ndi madzi a mumtsinje pogwiritsa ntchito zitsulo zotola. Onsewa anafika patali popanda kulemba mzere umodzi wa pulogalamu ya kompyuta.

Chiyambi cha timabolodi

Microcontroller ndi kompyuta yathunthu yoikidwa m'kachipangizo kamodzi kakuda kosaposa chikhadabo kapena chala: muli gawo lowerengera, gawo losunga malangizo, ndi miyendo yolandirira kapena kutumizira mphamvu. Siikhala ndi sikirini kapena kiyibodi. Imangobwereza malangizo omwe yapatsidwa kuyambira pomwe yayatsidwa mpaka itazimitsidwa. Kampani ya Texas Instruments inayamba kugulitsa ya mtundu wa TMS1000 mu 1974, yochokera ku ntchito ya Gary Boone ndi Michael Cochran, ndipo m'zaka zochepa zipangizo zotere zinalowa m'makina owerengetsera, m'zidole ndi m'magalimoto. Kwa nthawi yaitali zinali za akatswiri a m'mafakitale okha, chifukwa kulowetsamo malangizo kunkafuna makina odula ndipo zambiri zinkalembedwa kamodzi kokha. Zinthu zinayamba kupepuka mu 1993, pamene kampani ya Microchip inatulutsa PIC16C84, yomwe malangizo ake ankatheka kufufutidwa ndi magetsi n'kulembedwanso.

Kusintha kwakukulu kunachitika m'tauni ya Ivrea ku Italy. Pa sukulu ya zojambula ndi luso ya kumeneko, wophunzira wa ku Colombia, Hernando Barragán, anakonza njira yotchedwa Wiring yothandiza anthu osadziwa uinjiniya kulamulira zipangizozi. Mu 2005 Massimo Banzi, David Cuartielles ndi anzawo anatenga maziko amenewo n'kupanga kabolodi kotchipa ka Arduino, ndipo mapulani ake anawapereka poyera kuti aliyense akhoza kupanga kake. Mtundu wodziwika kwambiri, Arduino Uno, unatuluka mu 2010. Uli ndi microcontroller ya ATmega328P, umayendera mphamvu ya 5 volts, uli ndi miyendo 14 yoyatsira ndi kuzimitsira ndi ina 6 yoyezera, ndipo malo ake osungira pulogalamu ndi 32 KB basi, ochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni. Pambuyo pake kunabwera Raspberry Pi mu 2012, yomwe ndi kompyuta yaing'ono yathunthu; ESP8266 mu 2014 ndi ESP32 mu 2016 za kampani ya Espressif ya ku Shanghai, zomwe zimalumikizika ku intaneti popanda waya; ndi micro:bit, yomwe BBC inagawira ana asukulu pafupifupi 1 miliyoni ku Britain mu 2016. Popeza mapulani a Arduino ndi otseguka, mafakitale a ku China amapanga timabolodi tofanana nato pamtengo wotsika kwambiri, ndipo tambiri tomwe timafika ku Malawi ndi timeneti.

Momwe zinafikira ku Kasungu

Microcontroller inafika m'midzi ya Kasungu anthu asanamve dzina lake, ndipo inabwera yotsekeredwa m'zinthu zina. Mafoni am'manja, omwe anayamba ndi TNM chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi Celtel mu 1999, anafalikira kumidzi m'zaka za m'ma 2000. Kenako kunabwera masikelo a manambala a mavenda ogula soya ndi mtedza, wailesi zolowetsa memori kadi, kabokosi koteteza batire la sola kuti lisadzaze mopitirira, mamita a ESCOM ogulira mayunitsi, ndi masola ogula pangongole omwe amazima okha mwini akapanda kulipira n'kuyakanso akalowetsa nambala yotumizidwa pafoni. M'zonsezi muli microcontroller yomwe ikuwerenga ndi kugamula.

Kwa wokonza wakale ichi chinali chipsinjo. Tizigawo tinachepa mpaka kufuna galasi lokulitsira, ndipo nzeru za chipangizo zinachoka m'mawaya ooneka n'kulowa m'malangizo osaoneka omwe kampani inatsekera. Wokonza mafoni wa pa malo ochitira malonda anaphunzira kusintha sikirini, pobayira tchaja ndi sipika, ndi kulowetsanso pulogalamu ya foni pa laputopu, koma chomwe chili m'kati mwa kachipangizo kakuda sakanatha kuchisintha. Ubwino wa timabolodi ta mtundu wa Arduino uli pomwepa: timabwezera kwa mwini luso mphamvu yolamula zomwe chipangizo chichite, yomwe inali itayamba kumuchoka.

Timabolodi tokha tinalowa m'dziko kudzera m'masukulu a ukachenjede ndi m'mabungwe a m'mizinda. Ku Polytechnic ku Blantyre, yomwe tsopano ndi MUBAS, kunatsegulidwa chipinda chopangira zipangizo mogwirizana ndi Rice University ya ku America, mgwirizano womwe unayambira pa makina a Pumani othandiza makanda kupuma pachipatala cha Queen Elizabeth. Malawi University of Science and Technology inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo ku Lilongwe Rachel Sibande anayambitsa mHub, malo ophunzitsira achinyamata ndi ana kulemba mapulogalamu. M'malo otere ophunzira amayamba ndi ntchito yomwe anzawo padziko lonse amayamba nayo, yothwanimitsa kababu kamodzi, kenako n'kufika pa zoyezera kutentha, zothirira mbewu zokha ndi maalamu otumiza uthenga pafoni.

Boma la Kasungu linalowa m'mbiri imeneyi mwa njira yomwe ochepa akanailosera. Mu Juni 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu, pofuna kuona ngati zingathandize kunyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa, kujambula madera osefukira madzi ndi kufikitsa intaneti kumalo ovuta. Mu Novembala chaka chomwecho, ophunzira a ku Malawi motsogozedwa ndi gulu la ku Virginia Tech anapanga ndege yotchedwa EcoMalawi ndi zipangizo zopepuka zotchipa, ndipo inauluka yokha makilomita 19 kuchokera pachipatala chaching'ono cha Gogode kukatera pa bwalo la ndege la Kasungu. Ndege zamtunduwu zimayendetsedwa ndi kabolodi kokhala ndi microcontroller, komwe kamawerenga GPS ndi zoyezera kupendekeka kambirimbiri pa sekondi n'kuwongola mapiko. Imodzi mwa mapulogalamu otchuka oyendetsera ndegezi, ArduPilot, inayambira pa Arduino yemweyo. Ntchito ya ku Kasungu inatsegula njira ya African Drone and Data Academy, yomwe inayamba kuphunzitsa ku Lilongwe mu Januwale 2020.

Ntchito zogwirizana ndi dera la fodya

Pa ntchito zonse za mlimi wa fodya, yomwe imayenerana kwambiri ndi kabolodi ndi kuwotcha fodya wa fuluu. Masamba amakhala m'balani pafupifupi sabata imodzi, moto uli m'ng'anjo kunja ndipo kutentha kukuyenda m'mapaipi. Masiku oyamba kutentha kumasungidwa pakati pa madigiri 35 ndi 40, mpweya uli wachinyezi, kuti tsamba lisanduke lachikasu. Kenako kumakwezedwa pang'onopang'ono kufika cha m'ma 55 kuti tsamba liume, pomaliza cha m'ma 70 kuti msempha wapakati uume. Kukweza moto msanga tsamba lidakali ndi madzi kumalipsereza n'kulidetsa, ndipo mtengo wake kuokushoni umagwa. Wosonkhezera moto amagona pafupi ndi ng'anjo, kudzukadzuka usiku kukaona choyezera kutentha chopachikidwa m'kati. Kutopa kwa usiku umodzi kukhoza kuwononga ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi.

Kabolodi ka Arduino kolumikizidwa ndi choyezera cha DS18B20, chomwe chimapirira mpaka madigiri 125, kakhoza kuwerenga kutentha pamwamba ndi pansi pa balani mphindi iliyonse, kuonetsa manambala panja pa khoma, ndi kuliza belu kutentha kukapitirira kapena kutsika kuposa malire a tsikulo. Kakawonjezeredwa kachipangizo kolowetsa simu khadi, monga SIM800L, kamatumiza uthenga ku foni ya mwini fodya. Nkhuni sikangaponye m'ng'anjo. Ntchito yake ndi kudzutsa munthu pa nthawi yake, komanso kusunga manambala oti mlimi ayerekeze balani yomwe yatuluka bwino ndi yomwe yapsa. M'maiko olima fodya wambiri monga Brazil ndi America zoyang'anira kutentha m'mabalani zinakhazikika kale. Kuwotcha kolondola kumapulumutsanso nkhuni, nkhani yaikulu m'boma lomwe mitengo yake yachilengedwe yathera kwambiri m'ng'anjo ndi m'milimo ya zigafa.

Alimi ambiri ang'onoang'ono amalima fodya wa bale, yemwe amaumira m'chigafa popanda moto. Kwa iwo ntchito yolemetsa yomwe kabolodi kangapepule ndi kuthirira nazale m'miyezi yotentha mvula isanagwe, pamene makheni amanyamulidwa m'mawa ndi madzulo kuchokera kudambo. Choyezera chinyezi chozikidwa m'bedi chimauza kabolodi kuti dothi lauma, kabolodi n'kutsegula siwitchi yamaginito yoyatsa pampu ya sola, madzi akakwana n'kuzimitsa. Njira yomweyo imagwira pa thanki ya madzi, pa makina oswetsa mazira ndi pa alamu ya khola la mbuzi.

Zopinga

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Nyumba zoposa theka zinkadalira tochi za mabatire. Kabolodi pakokha sikadya mphamvu yambiri, koma kuti kalembedwe malangizo pamafunika laputopu, kapena foni ya Android yokhala ndi kachingwe koyenera, ndipo zonsezi zimafuna potchajira ndi mabandulo a intaneti. Malangizo amalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotengera C++, ndipo mabuku ndi makanema ophunzitsira ali m'Chingerezi. Kamkwamba anadutsa Chingerezi powerenga zithunzi, koma pulogalamu silola zimenezo, chifukwa chizindikiro chimodzi chikasowa yonse imakana.

Chopinga chachikulu ndi chakuti kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya lusoli, chipangizo chapakati sichipezeka pa mulu wa zitsulo. Kabolodi ndi zoyezera ziyenera kugulidwa ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kapena kuitanitsidwa ku China ndi ku South Africa. Kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunakweza mitengo ya zinthu zimenezi. Wophunzira akalumikiza molakwa kabolodi ku batire la 12 volts n'kukapsereza, angadikire milungu kuti apeze kena, pamene kulakwitsa ndiyo njira yomwe lusoli limaphunziridwa. Fumbi la m'chilimwe, chinyezi cha m'dzinja, nyerere zomanga m'mabokosi ndi ziphaliwali zimawononganso zipangizo zomwe zinkagwira bwino patebulo la m'kalasi. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a zamagetsi ndi zaluso zina, koma mwana wa ku Chisemphere wosiyira sukulu panjira amafika kumeneko movutikira, ndipo sukulu zambiri za sekondale zoyendera za kumidzi zilibe chipinda cha makompyuta. Ndi zomvetsa chisoni kuti mtengo wa timabolodi tokwanira kalasi yonse ndi wochepa poyerekeza ndi ndalama zomwe boma la Kasungu limalowetsa m'dziko kudzera mu fodya chaka chilichonse.

Omwe akuchita lusoli lero amaphatikiza njira zakale ndi zatsopano. Amagula kabolodi ndi choyezera chokha, zotsalazo n'kuzitola: mabatire a lithium ochotsedwa m'malaputopu ndi m'nyali za sola zakufa, timainjini ta m'makina a DVD, masiwitchi amaginito a m'magalimoto ophwasuka, tchaja cha foni cha m'galimoto chotsitsira mphamvu ya batire kuchoka pa 12 kufika pa 5 volts, waya wa m'zingwe zakale za tchaja, ndi kontena ya pulasitiki ya m'khitchini yotetezera zonsezo ku mvula. Mapulogalamu amatengedwa pa intaneti ali olembedwa kale, amapatsirana pa WhatsApp, ndipo aliyense amasintha manambala a kutentha kapena a nthawi kuti agwirizane ndi balani, thanki kapena nazale yake.